Kapepala ka m'Chitini cha Madamu Akpene

Madamu Akpene Adzraku ndi munthu wosadziwa kukhala pansi. Kutchalitchi amasankha kumapeto kwa benchi kuti azidzuka mosavuta: kukatseka zenera, kukanyamula mwana wa eni ake amene wayamba kulira, kukaona ngati abusa awaikira madzi akumwa. Chakudya amadya chiimirire. Amuna awo, Efo Kofitse, amene amagwira ntchito yoyeza malo ku Ho ndipo amabwera kunyumba Loweruka lokha, analeka kalekale kuwauza kuti apumeko.

Anabadwira m'mudzi wa minda ya koko kufupi ndi malire a Togo, mwana wachinayi wa akatekisiti. M'nyumba mwawo nyimbo za Mulungu sizinkasowa m'mawa uliwonse, koma mawu otchulira zochitika m'thupi la mtsikana munalibe. Tsiku limene anatha msinkhu, ali ndi zaka khumi ndi zitatu, anaganiza kuti china chang'ambika m'mimba mwawo. Anabisa masiku atatu, akupempha Ambuye kuti ngati ndi imfa ibwere Lamlungu litadutsa, chifukwa anali ndi vesi loti akalakatule kutsogolo. Mayi awo atazindikira anawapatsa chidutswa cha nsalu yakale, dzira lowiritsa, ndi mawu ochepa: "Kuyambira lero usamasewere ndi anyamata." Maphunziro onse anathera pomwepo.

Kwa zaka makumi awiri ndi zinayi akhala akuphunzitsa za pakhomo pa sekondale yogonera komweko imene ili pachitunda kunja kwa tauni ya Kpando: kusoka, kuphika, kasamalidwe ka banja. M'buku la phunzirolo muli mutu wachisanu ndi chinayi, wonena za kutha msinkhu ndi kubereka. Chaka ndi chaka akafika pamenepo ankayang'ana kunja n'kunena kuti, "Mutu uwu ndi wosavuta, mukawerenge panokha," kenako n'kulumphira ku kachotsedwe ka mafuta pansalu. Sanali okha, aphunzitsi onse ankachita chimodzimodzi. Ndipo chaka ndi chaka mtsikana mmodzi kapena awiri ankanyamula bokosi lake pakati pa teremu, mu ofesi ya aphunzitsi n'kungomveka kuti wapita kukathandiza amayi ake.

Tsiku lina kunabwera kalata yochokera ku ofesi ya maphunziro. Inkati Lachitatu lililonse madzulo ana azipatsidwa ola limodzi lowaphunzitsa za matupi awo, atsikana paokha, anyamata paokha. Kalatayo inayenda m'manja mwa aphunzitsi pa nthawi ya tiyi, aliyense akuipatsira mnzake msanga.

"Imeneyo ndi nkhani ya Bayoloje," anatero a Kpodo a masamu, akuloza ndi supuni mphunzitsi wongobwera kumene kuchokera ku koleji.

"Ine? Sindinakwatire n'komwe. Mukufuna makolo andidikirire pageti ndi zikwanje?"

"Ndiye uphunzirire pomwepo, kuti ukwati ukadzafika udzakhale wokhoza kale."

Anthu anaseka. Mayi Ametepe, amene amayang'anira mahositelo onse a atsikana, sanaseke. Anatembenukira kukhomo kumene Madamu Akpene anaima ndi kapu yawo, nawaitana kuti Daavi, mawu aulemu oitanira mayi kumeneko.

"Daavi Akpene, atsikana ndi anu. Makolo akamva kuti akuphunzitsa ndi mwana wa akatekisiti, zikwanje azisiya kunyumba."

Lachitatu loyamba atsikana mazana atatu anadzaza holo yodyera. Madamu anawerenga mutu wachisanu ndi chinayi wonse mothamanga, maso osachoka pabuku, thukuta likutsika m'khosi. Atafunsa ngati pali funso, m'holomo munangomveka mpheta za kudenga. Mlungu wachiwiri zinali chimodzimodzi. Mlungu wachitatu anabwera ndi chitini cha mkaka wa ufa choboola pachivundikiro.

"Chitinichi chizikhala kuseri kwa thanki ya madzi," anatero. "Amene ali ndi funso alembe, osaika dzina, aponyemo akamakatunga madzi. Ine sindidzafufuza amene walemba. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu."

Atsikana a Fomu 2 ndi Fomu 3, amene Madamu ankawaphunzitsa m'kalasi, anayang'anana. Diso lawo ankalidziwa. Madamu Akpene ankatha kuwerenga mawu awiri olembedwa pakhoma la chimbudzi n'kutchula mwini kalembedweko asanatuluke n'komwe. Choncho mapepala anayamba kubwera olembedwa ndi dzanja lamanzere, zilembo zopendekera uku ndi uku ngati papalasa nkhuku. Koma anabwera, ndipo anali ambiri. Kodi n'zoona kuti ulendo woyamba munthu satenga mimba? Kodi kupweteka kwa msambo kumatha munthu akadziwa mwamuna? Mnyamata akati adwala ndikamukana, adwaladi? Madamu ankayankha akuyenda kuchoka kukhomo kukafika kukhitchini n'kubwerera, kampango kali m'manja. Mawu ena anali asanawatchulepo chibadwire, ndipo ankayamba akawayeserera m'munda mwawo wa chinangwa, kumene kunalibe wowamva.

Lolemba la mlungu wachisanu ndi chimodzi anatsegula chitinicho m'chipinda cha makina osokera pa nthawi yopuma. Mapepala anali khumi ndi anayi. Limodzi linali lopindidwa kasanu, laling'ono ngati chikhadabo, ndipo silinali la dzanja lamanzere. Zilembo zake zinali zoongoka, zozungulira bwino, za munthu wosamala.

"Madamu, chonde musawerenge pagulu. Miyezi iwiri yadutsa sindinasambe. Amene anandichita zimenezi akuti Lachinayi tikatsekera akanditengera kwa mayi wina amene amapereka mankhwala akumwa kuti zibwerere. Akuti sizipweteka. Kodi zimapha? Ndikuopa."

Lachinayi linali tsiku loyamba la tchuthi cha pakati pa teremu. Geti linkatsegulidwa 10 koloko m'mawa.

Madamu anazungulira makina osokera kawiri. Anatsegula zenera, analitsekanso. Zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyomo mtsikana wina wa Fomu 2, woimba mu kwaya, anapita kutchuthi ngati chomwechi ndipo sanabwerenso. Aphunzitsi anapita kumaliro pagalimoto la sukulu, anauzidwa kuti anali malungo, koma amayi a kukhitchini ankanong'ona zina. Mtsikana ameneyo nayenso Madamu anamuuza kuti mutu uja ndi wosavuta.

Lonjezo lawo linali lisanathe ngakhale mwezi. Analikumbukira bwinobwino, mawu ake onse, pamene ankatsitsa milu ya makope pashelefu. Anati, "Ambuye, mundilange ine," n'kuyamba kutsegula.

Makope anali opitirira zana. Anawayang'ana chiimirire, belu likulira, kalasi yawo ikuwadikira. Atatsala pang'ono kumaliza mulu wachitatu anachipeza: chilembo cha g chamchira wobwerera m'mwamba ngati mbedza, kadontho ka pa i kozungulira ngati kamkanda. Anaika kapepalako pambali pa tsambalo. Panalibe chokayikitsa. Pachikuto panalembedwa kuti Sefakor Dzakpasu, Fomu 3.

Sefakor anali pulifekiti wa hositelo ya kumtunda, wamtali, wapakamwa posachedwa, wotsala ndi miyezi isanu kuti alembe mayeso omaliza, pakuti kumeneko sekondale imathera Fomu 3. Lachiwiri lonse Madamu analithera akumuzungulira patali. Anamuona akuyasamula m'kalasi. Anamuona akulavula kuseri kwa laibulale. Masana m'holo anamuona akukankhira mbale yake ya gari, mgaiwa wa chinangwa wokazinga, ndi nyemba kwa Yayra, mwana wake wa pasukulu. Pasukulupo mtsikana aliyense wa Fomu 1 amatengedwa ndi wamkulu wina kuti akhale mayi wake, womuteteza kwa ozunza ndi kumusungira kiyi wa bokosi la chakudya, ndipo mwanayo amamutungira madzi ndi kumuchapira. Madamu sanamuyang'ane n'komwe mwanayo. Maso awo anali pa mbale yokanidwayo.

Atatha kudya anamuitanira Sefakor kuchipinda cha makina.

"Sefakor, uli bwino m'thupi?"

"Ndili bwino, Madamu, kupatula njala."

"Nanga bwanji sunadye?"

"Nyemba zija, Madamu? Anankafumbwe anali ambiri kuposa nyemba. Nyama ndimaikonda, koma osati youluka."

"Lachinayi ukupita kuti?"

"Kwathu ku Golokwati."

"Akukutenga ndani?"

"Trotro, Madamu, minibasi ya masiku onse. Kapena mukufuna kundiperekeza?"

Madamu anatenga kope lija n'kuliika patebulo, chala chili patsamba lotsegula. "Palibe chimene ukufuna kundiuza, mwana wanga?"

Sefakor atangoona kopelo nthabwala zinamuthera. Anayang'ana pansi, anapukuta manja pasiketi yake. "Palibe, Madamu."

"Ndithu?"

"Palibe."

Madamu anaona nkhope yagwayo ndipo mtima wawo unatsimikiza. Anamusiya apite chifukwa sanadziwe mawu otsatira. Zaka zonsezo anali atazolowera kulumpha pofika pamenepo.

Lachitatu m'mawa, pa mapemphero, nyimbo inawakanika pakamwa. Tsiku linali litatsala limodzi. Mapemphero atatha anatsatira Mayi Ametepe mpaka ku ofesi yawo, natseka chitseko, nawaonetsa kapepala ndi kope.

"Lamulo mukulidziwa," anatero Mayi Ametepe. "Akayezedwe lero."

"Mwakachetechete, chonde. Ndinawalonjeza anawa."

"Daavi, ine ndagwira ntchitoyi zaka zingati? Musandiphunzitse."

Kachetechete wa Mayi Ametepe anali wotere: anatuma mtsikana kukaitana Sefakor pakati pa phunziro la masamu, ndipo galimoto la sukulu, anesi a pasukulupo atakhala kutsogolo, linadutsa pang'onopang'ono pamaso pa makalasi onse popita kugeti. Pofika masana ngakhale anyamata a Fomu 1 ankadziwa. Cha m'ma 2 koloko galimotolo linabwerera. Anesi anatsika, napita kwa Madamu Akpene amene anali akuyendayenda pansi pa mtengo wa mango.

"Mwanayu alibe kanthu. Tamuyeza kawiri. Mwamuvutitsa chabe."

Sefakor anatsika kumbuyo, anadutsa pafupi ndi Madamu osawayang'ana, nalunjika kuhositelo khosi lili chiwongokere.

Madzulo amenewo linali ola lija la Lachitatu. Chitini Madamu anachipeza patebulo la kutsogolo, chopondedwa mpaka kuphwatalala. Atsikana mazana atatu anakhala manja atapinda pachifuwa. Madamu anayang'ana nkhope imodziimodzi. Mmodzi wa iwo anali mwini kapepala kaja, ndipo tsopano anali ataona ndi maso ake zimene zimachitikira munthu wokhulupirira chitini.

"Ndalakwa," anatero Madamu. Mawu anatuluka osamveka, ndipo anabwereza. "Ndalakwa, ana anga. Koma pali wina muno amene ndikumupempha kuti mawa asapite kumene akufuna kumutengera. Abwere kwa ine. Nyumba yanga mukuidziwa."

"Kuti akakwere galimoto la sukulu?" anatero mawu ena kumbuyo.

Ena anaseka, ena anatsonya. Palibe anabwera.

Lachinayi kunacha ndi phokoso la mabokosi okokedwa pasimenti. Madamu anali atazungulira kale thanki ya madzi katatu, ngati kuti kapepala kena kangamere pansi. Itakwana hafu pasiti naini anakwera kuhositelo ya kumtunda. Anapeza Sefakor yekha m'chipinda cha mapulifekiti, akupinda zovala mwaukali.

"Sefakor."

"Mwabwera kudzandiyezanso, Madamu? Anesi anati kawiri n'kokwana."

"Ndabwera kudzapepesa."

"Amayi anga amva kale. Wina wawaimbira dzulo. Akuti mayi wogulitsa nsomba pafupi nawo wawapepesa pamaso pa msika wonse. Mukapepese kumeneko."

"Ndipita. Koma tsopano ndithandize, nthawi yatha." Madamu anatulutsa kope ndi kapepala kaja. "Ine sindinalote. Taona wekha. Ichi ndi ichi si dzanja limodzi?"

Sefakor anayang'ana kopelo monyansidwa. "Ndi zimenezi? Ine Lachiwiri ndimayesa mwandigwira za notsi, ndimaopa kukalima bwalo la mpira. Madamu, ndani wa Fomu 3 amalemba yekha notsi? Chiyambire teremu ino sindinagwirepo cholembera m'kope limenelo. Inuyo simunalembereko mayi wanu wa pasukulu?"

Anamulemberadi. Zaka makumi atatu ndi zisanu zapitazo, Akpene wa Fomu 1 analemba notsi zonse za Jogalafe za mayi wake wa pasukulu, chaka chathunthu, mpaka chala chinachita chithuza. Mphunzitsi aliyense pasukulupo anachitako zimenezi, ndipo aliyense ankadziwa kuti zikuchitikabe. Koma lamulo limaletsa, ndiye aphunzitsi anazolowera kusaziona, mpaka anasiyadi kuziona. Dzina la pachikuto ankalitenga ngati mwini dzanja. Ndipo ana a Fomu 1 Madamu sankawaphunzitsa chaka chimenecho. Ndi okhawo amene sankadziwa zolemba ndi dzanja lamanzere.

"Amakulembera ndani?"

Sefakor anali atatenga kapepala kaja n'kuyamba kukawerenga, milomo ikuyenda. Atafika kumapeto anakhala pabedi.

"Yayra," anatero motsitsa. "Madamu, ameneyo ndi mwana. Akaona nalimata pakhoma amandidzutsa. Milungu yonseyi ndimamukalipira kuti ndi waulesi, amangogona." Kenako anadzuka mwadzidzidzi. "Wapita kale kugeti. Anati akumutenga achimwene ena a njinga yamoto, aneba awo."

Madamu Akpene ndi mayi wa zaka makumi asanu, koma tsiku limenelo anatsika chitunda nsapato zili m'manja. Sefakor anali patsogolo. Pageti panali chipwirikiti: mabokosi pamitu, makolo, ogulitsa madzi a m'mapepala, oitanira ma trotro akukuwa za Hohoe ndi Ho, alonda akuyang'ana makadi otulukira mmodzimmodzi. Kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo wa nimu, panaima njinga yamoto yofiira. Bambo wina wa ndevu zometa bwino, wa zaka pafupifupi makumi atatu, ankamangirira chikwama kumbuyo. Pambali pake panaima kamtsikana kowonda, ka tsitsi lometa ngati anzake onse, manja katagwira kumbuyo.

Madamu anatsegula pakamwa kuti aitane. Sefakor anawagwira mkono.

"Ayi, Madamu. Mukamuitana inu, sukulu yonse idziwa ngati dzulo. Imani pomwepa."

Anakankha anzake, anadutsa mlonda osaonetsa khadi, naima pakati pa msewu manja ali m'chiuno. Mawu amene anatulutsa anali amene aliyense pasukulupo amawamva tsiku ndi tsiku, moti palibe anatembenuka.

"Iwe Yayra! Ukupita kwanu ndowa yanga waisiya kuti? Nsapato zanga wachapa? Tabwera kuno msanga, kamwana kopanda ulemu iwe."

Yayra anadzidzimuka. Miyendo yake inayamba kuyenda yokha, monga inazolowera miyezi yonseyo.

"Sisi, tachedwa," anatero bambo uja akumwetulira. "Akachapa akabwerako. Amayi ake akumudikira."

"Amayi ake ati? Pano mayi wake ndine. Akatha ntchito yanga apita." Sefakor anamugwira Yayra pakolala n'kumukokera kugeti, akumukalipirabe. "Ukuyenda ngati wadya mwala bwanji? Ukagwada mpaka dzuwa lifike pamutu."

Anyamata ena anaseka. "Sista Sefakor akwiya, mwana alipira za dzulo," anatero wina.

Atsikanawo atangolowa, Madamu anaoloka msewu opanda nsapato, naima kutsogolo kwa njingayo.

"Moni bambo. Dzina lanu ndani? Mwanayu ndi ndani wanu?"

Bamboyo anawayang'ana, anayang'ana kugeti, kumwetulira kuja kunazima. Anakhotetsa njinga, nailiza, nathamangira njira ya ku Hohoe, chikwama cha mwana chikulendewera kumbuyo.

M'chipinda cha makina osokera Yayra anaima pakona. Sefakor anali atasiya kukalipa. Anamupukuta kumaso ndi mpendero wa malaya ake.

"Kamutu kako, bwanji sunandiuze? Ine ndili pano kuti ndizidya gari wako basi?"

"Ndimaopa, Sista."

Kenako mwanayo anaona kapepala kake m'manja mwa Madamu.

"Madamu, munati simudzafufuza."

"Ndinatero. Ndaphwanya lonjezo langa, ndipo ndikayankha kwa Mulungu. Koma unandifunsa funso, ndipo sindikanatha kudikira Lachitatu lina." Ulendo uno Madamu sanayang'ane kunja. "Unafunsa ngati zimapha. Inde, zimapha. Ndinaikako m'manda mtsikana wamkulu kuposa iwe. Mankhwala amenewo munthu amataya magazi osaleka, ndipo amene anakutengera kumeneko amakhala atathawa kale."

"Anati ndikauza munthu andichotsa sukulu."

"Ndi iye amene ali ndi mlandu, osati iwe. Uli ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi zisanu. Mwezi wa mawa."

"Ndiye sunakwanitse n'komwe."

"Amayi andipha, Madamu."

"Akayamba ndi ine. Tipita limodzi."

Sefakor anatsegula chitseko kuti azipita. Madamu anamuitana.

"Mwana wanga, za dzulo zija..."

"Ndamva, Madamu." Sananene kuti wakhululuka. Anatembenukira kwa Yayra, anavula kiyi wa bokosi amene ankamuvala m'khosi pa kachingwe, namuveka. "Ukadye. Usakangolira."

Madamu anadutsira ku ofesi ya Mayi Ametepe, koma sanalowe. Analankhula ali pakhomo.

"Ndikutuluka ndi mwana mmodzi. Dzina ndikuuzani Lolemba."

"Daavi, galimoto lilipo."

"Lisiyeni lipume."

Anatulukira kageti ka kumbuyo, kodutsa m'munda wa sukulu, nakwera trotro pamphambano ya kumunsi kumene ana a sukulu safikako. Anayamba apita kuchipatala cha tauni ina, kumene palibe ankawadziwa. Anesi a kumeneko anatsimikiza kuti mimba ilipo, ya miyezi iwiri ndi theka, nalemba kalata yopita kwa a zosamalira ana ndi kupolisi. M'njira monse Madamu ndi amene ankalankhula, motsitsa, pansi pa phokoso la injini. Anamuuza Yayra mmene mimba imayambira, zimene zidzachitike m'thupi mwake mwezi ndi mwezi, zimene ayenera kudya, ndi kuti palibe mwamuna, mneba kapena mbale kapena mphunzitsi, amene ali ndi ufulu pa thupi lake. Mayi wina amene anakhala pafupi ndi dengu la tomato anatchera khutu, koma Madamu sanaleke.

Amayi a Yayra anawapeza cha m'ma 4 koloko pamalo awo ogulitsirapo kenkey, nsima yowawasa ya chimanga, m'mbali mwa msewu ku Logba, akukulunga mtanda m'makoko a chimanga. Ataona mphunzitsi anapukuta manja msanga, nawakokera benchi.

"Takulandirani, Madamu. Walakwa chiyani? Ndipo wabwera bwanji ndi inu? Ine ndimayesa akumutenga mneba wathu wa njinga uja."

Madamu anawapempha kuti alowe kuseri kwa chisakasa. Anafotokoza zonse mwachindunji, osazungulira. Mayiwo anamva mpaka kumapeto, kenako anatola mthiko waukulu wa pamphika n'kulunjika kwa mwana wawo. Madamu anaima pakati.

"Menyani ine, mayi. Ine ndi amene ndakhala zaka makumi awiri ndi zinayi osawauza ana anu kanthu."

Mthiko unaima m'mwamba. Unatsika pang'onopang'ono.

"Munthu ameneyo," anatero mayiwo, "m'mawa uno wabwera pompano. Akuti, Daavi musavutike, mwana ndikakutengerani ine. Ine n'kumukulungira kenkey awiri ndi nsomba kuti adye panjira." Anayang'ana manja awo. "Ndiye bwenzi pano ali kuti mwana wanga?"

Kumsewu kasitomala ankagogoda patebulo ndi ndalama yachitsulo. Mayiwo anamusiya agogode. Anayang'ana Yayra kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nthawi yaitali, ngati akumuona koyamba chibwerere kuchokera kutali.

"Wawonda," anatero. "Tabwera kuno. Wadya chiyani lero?"

Bambo wa njinga uja apolisi sanamupeze. Anthu amati anaolokera ku Togo tsiku lomwelo. Sefakor anakhoza bwino mayeso ake, ndipo Madamu anapitadi ku Golokwati kukapepesa pamsika, pamaso pa mayi wa nsomba uja. Yayra anabereka mwana wamkazi nthawi ya mvula, movutikira, m'chipatala, amayi ake ali pakhomo la chipindacho. Mulungu anawasunga onse awiri. Chaka chotsatira Yayra anabwerera pachitunda paja ndi bokosi lake, nayambiranso Fomu 1.